WAILESI YA POTO NDI MTENGO WAKE

Acinyamata anzanga, nonse munamvapo agogo akudandaula kuti zinthu zinakwera mtengo. Amati kale munthu anali kupita ku sitolo ndi sheleni imodzi, nabwerako atanyamula katundu, cenji ciri m'thumba. Ife timaseka, ena timacita nako nsanje, poganiza kuti anthu a m'zaka za m'ma 1950 anali kukhala m'dziko loyenda mkaka ndi uci. Musafulumire. Tsiku lina mukadzaceza nao, musadzangowafunsa mtengo wa buledi. Mudzawafunsenso kuti sheleni imeneyo anali kuigwirira nchito maola angati, ndiponso kuti m'sitolomo anali kulowera pa khomo liti. Mayankho a mafunso awiriwa ndiwo adzakuonetsani mtengo weni-weni wa zinthu m'dziko lino pamene linali kuchedwa Northern Rhodesia.

M'nkhani ino ndifuna kuti titsatire kanthu kamodzi kamene makolo athu anali kukalakalaka monga momwe ife tilakalakira foni yabwino lero. Ndi kawailesi kabuluu kooneka ngati poto wophikira ndiwo. Tikakatsatira bwino kadzatifikitsa ku malipiro a ku migodi, ku nyimbo, ku bayisikopo, ndi ku nkhani zimene zinagwedeza dziko ufulu usanabwere.

Sheleni ndi thukuta

Poyamba tidziwe ndalama zao. Kwacha ndi ngwee ndi za dzulo-dzuloli, zinayamba pa 16 Januwale 1968. Kale kunali paundi, sheleni ndi kobiri. Makobiri 12 anali kupanga sheleni, ndipo masheleni 20 anali kupanga paundi, ndiye kuti m'paundi imodzi munali makobiri 240. Ana a sukulu a masiku amenewo anali kutuluka thukuta ndi masamu a ndalama! Panalinso tiki ya makobiri 3, sikisi ya makobiri 6, ndi hafukoloni ya masheleni 2 ndi sikisi. Kobiri linali ndi cibowo pakati, kotero kuti munthu anali kutha kutunga makobiri ake pa kacingwe monga mikanda. Pa makobiri amene anayamba kutuluka mu 1955 panali njobvu ziwiri, ndipo pa ndalama ya masheleni 2 panali nkhwazi itagwira nsomba.

Pamene Kwacha inabwera, paundi imodzi inasinthidwa ndi K2, ndipo sheleni inakhala 10 ngwee. Ndiye kuti cinthu ca mapaundi 5 cinakhala ca K10. Koma mu 2013 boma linacotsa mazilo atatu pa ndalama yathu, motero K10 ija ndi ngwee imodzi ya lero. Mwaona? Tikawerenga motere tidzanena kuti agogo anagula wailesi ndi ngwee imodzi, limene liri bodza la mkunkhuniza. Muyeso wosanama ndi thukuta: kodi munthu anagwira nchito masiku angati kuti cinthuco cilowe m'nyumba mwake?

Tengani munthu wa pa mgodi, amene abale ake a kumudzi anali kumuona ngati wolemera. Iye sanali kulandira pa kutha kwa mwezi iai. Anali ndi tikiti la masiku 30 a nchito, ndipo tsiku liri lonse limene wagwira linali kulembedwa pa tikitipo. Likadzaza ndiye walandira. Popeza pa Sondo sanali kugwira, tikiti limodzi linali kumtengera masabata 5. Mu 1952 wanchito wa gulu lotsika kwambiri, wogwira pamwamba osati pansi pa mgodi, anali kulandira masheleni 45 pa tikiti, kuonjezera pa kanyumba ka m'komboni ndi phoso. Imeneyi ndi sheleni ndi sikisi pa tsiku.

Mu Okutobala caka comweco anthu okwana ngati 37,000 ananyanyala nchito m'migodi kwa masabata atatu. Anawatsogolera ndi a Lawrence Katilungu a bungwe la anchito a m'migodi, limene linali litangoyamba mu 1949. Anali kufuna kuti awaonjezere masheleni 2 ndi makobiri 8 pa tsiku. Sitalakayo inayenda mwabata, kusiyana ndi za mu 1935 ndi mu 1940 pamene anthu anaomberedwa ndi mfuti ku Luanshya ndi ku Nkana. Mu Januwale 1953 a C. W. Guillebaud ocokera ku Cambridge, amene anaitanidwa kudzaweruza nkhaniyo, anagamula kuti malipiro akwere. A magulu otsika anaonjezeredwa sheleni ndi makobiri 2 pa tsiku, a pamwamba sheleni ndi makobiri 8. Wa masheleni 45 uja anafika pa 80. Sungani manambala awa, tidzawafuna posacedwa.

Koma kukhala ndi ndalama sikunali kokwanira. M'masitolo ambiri a azungu m'matauni munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo la kutsogolo. Anali kuima pa mzere kumbali, pa kazenera, ndi kulandira cimene wogulitsa wamusankhira. Ku buchala ndiko kunali koipitsitsa. Nyama inali kutuluka pa zenera itakulungidwa kale m'pepala, ya mafupa ndi mitsempha, imene eni ake anali kuicha nyama ya maboyi, ndipo wogula analibe mpata wosankha. Sheleni ya mzungu ndi sheleni ya munthu wakuda zinali zofanana mbali zonse ziwiri, koma sizinali kugula zofanana. Ndico cifukwa cake mu Januwale 1954 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi a Harry Nkumbula, cinauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabuchala, ndipo anthu anamvera. A Kenneth Kaunda analekeratu kudya nyama cifukwa ca cipongwe cimeneci.

Poto wolankhula

Zaka zimenezo zinali za zinthu zatsopano. Mu Meyi 1952 ndeke ya jeti yoyamba pa dziko lonse kunyamula anthu olipira, yochedwa Comet, inanyamuka ku London kupita ku Johannesburg ndi anthu 36, ndipo malo otsiriza kuterapo isanafike anali Livingstone. Ulendo wonse sunakwane maola 24. Koma tikiti lopita cabe linali mapaundi 175, malipiro a zaka zoposa 7 a wa pa mgodi wa masheleni 45 uja. Kwa makolo athu ndekeyo inali phokoso la kumwamba basi. Zatsopano zimene zinasinthadi moyo wao zinali zazing'ono: njinga ya Raleigh kapena Humber, makina osokera a Singer, pulaimasi, nyali ya Tilley, galamafoni. Ndipo kuposa zonsezi, wailesi.

Kuulutsa mau kwa boma kunayamba mu Lusaka mu 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri mkati, m'kacipinda ka pa bwalo la ndeke lakale. Boma linafuna kuuza anthu za nkhondo, pakuti anyamata ambiri a dziko lino anali ku usilikali, ena ku Somaliland ndi ku Abyssinia, ndipo pambuyo pake ku Burma. Bvuto linali lakuti omvera anali ocepa. Mawailesi a nthawiyo anali akulu ndi odula, ndipo ambiri anali kufuna magetsi. Boma linaikako ena pa maboma, ku mabwalo a mafumu ndi m'maholo a m'makomboni. Koma ikaonongeka imodzi panali kupita nthawi yaitali wokonza asanafike, ndipo ngakhale iri bwino, ndani angamve kanthu pa gulu la anthu olongolola?

Mkulu wa ofesi ya zofalitsa nkhani m'boma, a Harry Franklin, anaona kuti mankhwala ake ndi wailesi yoti munthu wamba agule yekha ndi kuika m'nyumba mwake. Anatha zaka zitatu akupempha makampani, ndipo ambiri anakana poganiza kuti anthu akuda alibe ndalama zogulira. Potsiriza kampani ya ku Britain yopanga mabatire, ya Ever Ready, inabvomera. Musadabwe, wogulitsa mabatire adziwa kuti wogula wailesi adzabweranso. Pofuna kucepetsa mtengo, amisiri anatenga poto wa aluminiyamu wopanda cogwirira, wa mainchesi 9 kukula kwake, naikamo zipangizo zonse, namuimika cammbali. Mabowo anawatseka ndi kasefa kuti tizirombo tisalowe. Anampaka utoto wabuluu cifukwa anamva kuti mitundu ina anthu ena anali kuiona ngati ya tsoka. Batire lake linali lalikulu ndi lolemera, ndipo wailesiyo inali kukhala pamwamba pake ngati nkhuku pa mazira. Dzina anaipatsa la Saucepan Special, cifukwa ca poto yemweyo.

Inafika m'masitolo ca kumapeto kwa 1949. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire linali paundi imodzi ndi masheleni 5. Zonse pamodzi masheleni 125. Tsono bwererani ku manambala aja. Kwa munthu wa sheleni ndi sikisi pa tsiku, amenewa ndi masiku a nchito oposa 80, pafupi-fupi matikiti atatu athunthu, osagula sopo, osagula nsalu ya amai a kunyumba, osalipira msonkho, osatumiza kanthu kumudzi. Ngakhale atakwezedwa kufika pa masheleni 80, tikiti limodzi ndi theka linali kuthera pompo. Kumeneko ndiko kuchipa kumene agogo amakamba!

Ndipo kugula sikunali kutha kwa nkhani. Batire linali kukhala maola okwana ngati 300. Masheleni 25 ndi makobiri 300, ndiye kuti ola liri lonse lomvera wailesi linali kudya kobiri limodzi. Inu amene mumadandaula kuti mabandulo satha kucedwa, dziwani kuti agogo analira kale maliro amenewa. Ndiye musadabwe kumva kuti m'nyumba zambiri wotsegula ndi kutseka wailesi anali atate okha, ndipo mwana woigwira iwo kulibe anali kudziitanira mkwapulo.

Ngakhale zinali tero, m'miyezi itatu yoyamba anagulitsa mawailesi 1,500, ndipo m'zaka zocepa zotsatira analowa okwana ngati 50,000. Wailesi imodzi sinali ya banja limodzi. Madzulo anansi anali kubwera ndi timipando tao, ana atakhala pansi, ndipo mwini wake anali kukhala ngati nyakwawa.

Zimene Mwatifunsa

Nyumba ya wailesi ya mu Lusaka inali kuchedwa Central African Broadcasting Station. Maboma anapangana kuti Lusaka aziulutsira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, pamene Salisbury, amene lero ndi Harare, aziulutsira azungu. Motero m'poto muja munali kutuluka Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingelezi, ciri conse pa nthawi yake. Colinga ca boma cinali kuphunzitsa: kukumba zimbudzi, kuwiritsa madzi, kulima mizere yopingasa, ndiponso kuti anthu amve nkhani monga momwe boma lifunira. Colinga ca ogula cinali cina. Iwo anafuna nyimbo, ndipo koposa anafuna kumva maina ao.

Pologalamu yokondedwa kopambana inali ndi dzina la Cinyanja, Zimene Mwatifunsa. Munthu anali kulemba kalata kupempha nyimbo, ndi kuchula abale amene afuna kuwapatsa moni. Lero zimenezi zioneka zazing'ono, koma taganizani za mudzi wa ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata, kapena wa ku Petauke ndi ku Lundazi m'zaka zimenezo. Amuna ambiri amphamvu kunalibe. Msonkho ndi umphawi zinawatumiza ku migodi ya ku Copperbelt, ku mapulazi a fodya a ku Southern Rhodesia, ku malasha a ku Wankie, ena mpaka ku Joni. Kalata inali kuyenda masabata, ndipo ikafika inali kufuna munthu wodziwa kuwerenga. Ena sanali kulemba konse, nasanduka machona. Tsono mai wokalamba ali khale pa mphasa madzulo, amve mau ocokera m'poto akuchula dzina lake, dzina la mudzi wake, ndi dzina la mwana wake amene anacoka zaka zitatu zapitazo. Mwana ali moyo, ali ku Bulawayo, ndipo sanaiwale. Ine ndiganiza kuti pamenepo ndi pamene mapaundi 5 aja anali kubwerera, osati pa maphunziro a zimbudzi.

Anchito a wailesi anali kuyendanso ndi galimoto ya makina ojambulira mau m'midzi ndi m'makomboni, kutola nyimbo za mitundu yonse. Kwa nthawi yoyamba Mlozi anamva ng'oma za Acewa ali kwao, ndipo Mngoni anamva silimba wa ku Barotseland. M'matauni munabuka oyimba ndi gitala, ndipo wochuka kopambana anali a Alick Nkhata. Iwo anabadwa mu 1922, anapita ku nkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anagwirako nchito yojambula nyimbo ndi a Hugh Tracey asanalowe pa wailesi. Nyimbo zao, za m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, zinali kukamba za moyo wa m'tauni: mowa, maukwati osalimba, anyamata okonda zobvala, atsikana odzola kwambiri. Anali kuseketsa ndi kulangiza nthawi imodzi. Gulu la Lusaka Radio Band, limene pambuyo pake linachedwa Big Gold Six, linakulira m'nyumba ya wailesi yomweyo.

Nyimbo za kunja nazo zinali kulowa. Ku Bulawayo a August Musarurwa anapeka Skokiaan, imene inaoloka nyanja mpaka Louis Armstrong anaiyimba ku America mu 1954. Ku Katanga kunacokera gitala wa Mwenda Jean Bosco, ku Johannesburg kunacokera kwela wa timapaipi ta Spokes Mashiyane, ndipo mbale za Jimmie Rodgers wa ku America zinali kukondedwa kwambiri. Amene anali ndi galamafoni anali kuipukusa ndi dzanja, kusintha singano kawiri-kawiri, ndi kusunga mbale zake ngati mazira, pakuti ikagwa pansi basi yasweka. Pa Sondo masana m'makomboni a ku migodi munali kalela, gule wa anyamata obvala mabuluku ositidwa bwino ndi nsapato zopukutidwa, ng'oma zake zopangidwa ndi migolo ya mafuta, ndipo pa gulupo panali wina wobvala ngati dokotala ndi mtsikana wobvala ngati nasi.

Jeki

Za bayisikopo ndiyenera kukambapo pang'ono, cifukwa ziseketsa ndiponso zimvetsa cisoni. Ku migodi anali kuonetsa mafilimu panja usiku, ndipo ku midzi kunali kufika galimoto ya kanema ya boma mwa kamodzi-kamodzi. Bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba mu 1948, linali kupanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda, monga Mulenga Goes to Town, ya mnyamata wa kumudzi amene apusitsidwa m'tauni. Koma anthu anali kudikira makauboyi. Kauboyi ali yense wolimba mtima, kaya dzina lake ndani, anali kumucha Jeki. Mai wina wofufuza wa ku America, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba za momwe oonerera anali kuimirira, kukuwa ndi kuponya zibakera m'mwamba pocemerera Jeki.

Cimene ambiri sanali kuona ndi lumo. Filimu iri yonse yoonetsa anthu akuda inali kuyamba yapita kwa akulu-akulu oipima, ndipo iwo anali kudula zonse zimene anaganiza kuti zingacepetse ulemu wa mzungu kapena kuphunzitsa anthu ciwawa ndi kuba. Zotsala zinali zidutswa zosalumikizana, za Cingelezi ca ku America cimene ngakhale aphunzitsi cinali kuwabvuta. Ndiye oonerera anali kudzipangira okha nkhani, wina kufotokozera mnzake mokweza. M'mawa mwake ana a m'komboni anali kusema mfuti za mitengo ndi kuyenda motang'adza. Ku nyumba za kanema za m'tauni, kumene filimu inali kuonetsedwa yathunthu, munthu wakuda sanali kulowako kufikira lamulo linasintha mu 1960.

Pamene poto anasanduka mdani

Tsono tifike pa nkhani. Wailesi isanafale, nkhani za boma zinali kubwera ndi nyuzipepala ya Mutende, imene inayamba mu 1936 ndi kutha mu 1952. Nyuzi ifuna wodziwa kuwerenga, koma wailesi ifuna khutu cabe. Apa ndi pamene boma linaika ciyembekezo cake, ndipo poyamba zinayenda. Anthu anali kukhulupirira mau a m'poto, ndipo oulutsa mau anali anthu ochuka, olandiridwa ndi nkhuku kuli konse kumene apita.

Zinasintha ndi nkhani ya Citaganya. Azungu a ku Salisbury ndi a kuno, motsogozedwa ndi a Godfrey Huggins ndi a Roy Welensky, anafuna kuphatikiza maiko atatu aja pansi pa boma limodzi. Anati kudzakhala citukuko ndi kugwirizana kwa mitundu. Anthu akuda a kuno ndi a ku Nyasaland anakana kwa mtu wa galu. Ambiri a iwo anali atagwirako nchito ku Southern Rhodesia, ndipo anadzionera okha momwe lamulo la mu 1930 linagawira azungu nthaka yabwino. Anadziwa kuti cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. A Huggins eni ake anayerekeza kugwirizanako ndi kwa kavalo ndi womkwera, ndipo panalibe wofunsa kuti kavalo ndani. Mu Malichi 1953 a Nkumbula anatentha pepala la boma la Citaganya pamaso pa khamu la anthu mu Lusaka, naitanitsa masiku awiri a mapemphero a dziko lonse, pa 1 ndi pa 2 Epulo, kuti anthu asapite ku nchito. Boma linaopseza anchito ake kuti lidzawacotsa, ndipo bungwe la a m'migodi silinalowe nao, motero ambiri anapita ku nchito. Citaganya cinayamba caka comweco.

M'nyengo yonseyi wailesi inali kuwerenga nkhani zokometsera Citaganya, ndipo owerenga ake anali anthu akuda omwe aja a Zimene Mwatifunsa. Taganizani kukhala mmodzi wa iwo. Pepala walandira kwa bwana, suloledwa kusinthapo liu, mtima wako uli ndi anthu a mtundu wako, ndipo madzulo ubwerera kukagona m'komboni pakati pa amene anakumva. Omvera sanasiyanitse mwini mau ndi wowerenga. Mu 1952 ndi 1953 kunabuka mphekesera zoopsa. Kunamveka kuti shuga wathiridwa mankhwala oti anthu akuda asabale, ndipo ambiri analeka kumgula. Inabweranso nkhani yakale ya akamunyama, anthu ogwira anzao usiku ndi kuwapopa magazi kuti akagulitse kwa azungu. Ali yense woganiziridwa kuti akonda Citaganya anali kuchedwa kamunyama, kapena wa Capricorn, dzina la bungwe lina limene linali kucikometsera. Oulutsa mau analowa m'gulu la onenedwa. Anthu amene dzulo anali kulandiridwa ndi nkhuku anayamba kuopsezedwa ndi kuyenda mwamantha. A Peter Fraenkel, amene anali kugwira nao nchito, anafotokoza za masiku amenewa m'buku lao la mu 1959 lochedwa Wayaleshi.

Musawaseke makolo athu. Mu 2020 mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba zinayenda pa mafoni athu omwewa, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya m'madera ambiri a dziko lino. Shuga uja analibe mankhwala, ndipo oulutsa mau sanapope magazi a munthu. Koma mantha a mu 1953 anali ndi pomera. Munthu amene amgulitsa nyama yokulunga pa zenera, amene amdulira filimu, amene dziko lake liperekedwa kwa ena iye akukana, mudzamuuza bwanji kuti cokhaci ndiye coona?

Panali cinanso cimene boma silinaciganizire bwino. Kuti mau a ku Lusaka afike ku Mongu, ku Karonga ndi ku Bulawayo, poto uja anapangidwa kuti azigwira mafunde opita kutali. Koma mafunde otero sadziwa malire a dziko. Wopotokola kacitsulo pang'ono anali kupeza rumba ya ku Congo, nyimbo za ku Lourenço Marques, ndi mau a ku Cairo onyoza atsamunda. Walira mvula walira matope. Mu 1958 nyumba ya wailesi ya mu Lusaka inalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation, ndipo nkhani zikulu za zaka zimenezo anthu anazimva ndi makutu awiri, lina la boma, lina la kwina: kumangidwa kwa damu la Kariba kumene kunasamutsa Atonga okwana ngati 57,000 m'cigwa ca Zambezi, kuomberedwa kwa anthu 8 ku Gwembe mu 1958, kumangidwa kwa a Dr Banda ku Nyasaland ndi kuletsedwa kwa cipani ca a Kaunda mu Malichi 1959, Cha Cha Cha mu 1961, ndi kugwa kwa ndeke ya a Dag Hammarskjöld pafupi ndi Ndola mu Seputembala caka comweco. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 a Andreya Masiye, amene anaphunzira nchito pa wailesi ya mu Lusaka, anali kuulutsa mau a cipani ca UNIP kucokera ku Dar es Salaam, ndipo anthu kuno anali kuwamva pa mawailesi omwe boma linawalimbikitsa kugula.

Pofika nthawi imeneyo masiku a poto anali kutha. Mawailesi a transistor, opepuka ndi osadya mabatire, anali atayamba kudzaza m'masitolo, ndipo mnyamata anali kutha kuyenda nayo pa njinga. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, koma inali ya ocepa okhala ndi magetsi. Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo usiku wolowa pa 24 Okutobala 1964, pamene mbendera ya Zambia inakwera mu Lusaka, anthu a kutali anatsatira mwambowo atazinga wailesi. Cizolowezi cosonkhana madzulo cija sicinathe. Ndico cinadzapatsa a Julius Chongo khamu la omvera pamene anayamba nthano zao za Poceza m'Madzulo m'zaka zotsatira.

A Alick Nkhata, amene nyimbo zao zinathandiza pa nkhondo ya ufulu, anakwera mpaka kukhala mkulu wa wailesi ya dziko la Zambia. Atapuma nchito anakakhala pa pulazi lao ku Mkushi. Mu Okutobala 1978 asilikali a Rhodesia anaukira kampu ya omenyera ufulu wa Zimbabwe imene inali pafupi ndi pulazilo, ndipo a Nkhata anaphedwa pa ciwembuco. Mukadzapita ku Lusaka kukaona nyumba ya ZNBC, mseu umene mudzayendamo uli ndi dzina lao.